Alendo a M'dzinja: Mbalame za ku Ulaya M'mipanda ya ku Mgona

Mvula yoyamba ikagwa mu Lilongwe, nkhawa za munthu wa ku Mgona zimakhala ziwiri: ngati denga la nyumba lipirire mpaka Malichi, ndi ngati thumba la feteleza lipezeke chaka chino. Ndi anthu owerengeka okha amene amakweza maso n'kuona kuti pa mawaya a magetsi a ku Kanengo pandanda anamzeze amene m'mwezi wa Julaye kunalibe, kapena kuti mu mtengo wa gwafa kuseri kwa bafa mwafika kambalame kotuwa kamene sikanabadwire m'dziko muno. Alendo amenewa amafika chaka ndi chaka, amakhala nafe miyezi ingapo, kenaka amanyamuka osatsazika. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nkhani ino yalembedwa kuti tiwadziwe alendowa asanakamuke: kumene amachokera, chimene amadzera, m'mene tingawazindikirire, ndiponso mbali imene aphunzitsi ndi achinyamata angatengepo kuti alendowa apitirize kutiyendera.

Chimene chimazichotsa kwawo

Aliyense amene anaphunzira za kapendekedwe ka dziko lapansi akudziwa kuti nyengo za kumpoto ndi za kuno zimasemphana. Pamene ife tikulowa m'dzinja, maiko monga Sweden, Poland ndi Russia amakhala akulowa m'chisanu choopsa. Nthaka imauma gwa, madzi amaundana, masamba amayoyoka, ndipo tizilombo timene mbalame zimadya timafa kapena kubisala. Mbalame yokhala ndi nthenga zokwanira ikhoza kupirira kuzizira, koma njala siingaipirire. Tsono chimene chimazisamutsa kwenikweni ndi kusowa kwa chakudya.

Mbalame zimene zimatha kudya zipatso sizipita kutali kwambiri. Pali mitundu iwiri ya banja limene Angerezi amalitcha thrush, yotchedwa redwing ndi fieldfare, imene imachoka ku Scandinavia ndi maiko oyandikira n'kukathera nyengo yachisanu ku Britain. Kumeneko imadya tizipatso ta m'mipanda, ndipo chisanu chikakula imalowa m'minda ya maluwa ya pakhomo kukatola maapozi ogwa pansi. Anthu a kumeneko amaziyembekeza mbalamezi monga m'mene ife timayembekezera inswa. Kuyambira mu 1979 bungwe la RSPB limapempha anthu kuti kumapeto kwa Januwale aliyense akhale ola limodzi akuwerenga mbalame za pakhomo pake, ndipo ntchitoyi inayamba ngati ya ana.

Mbalame zodya tizilombo tokhatokha zilibe mwayi wotere. Izo zimayenera kuoloka nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara kuti zikapeze dziko kumene mvula ikugwa, kumene inswa zikutuluka m'zulu ndipo mbozi ndi ziwala zachuluka. Limodzi mwa maiko amenewo ndi Malawi. Kuno sizimanga zisa kapena kuikira mazira. Zimangodya, kusintha nthenga ndi kusonkhanitsa mphamvu. Malichi ndi Epulo akafika zimabwerera kumpoto, kumene m'mwezi wa Juni dzuwa limawala maola 17 kapena 18 pa tsiku, nthawi yokwanira kusakira ana chakudya.

Yambani mwadziwa eni mudzi

Munthu sangazindikire mlendo ngati eni mudzi sawadziwa. Pumbwa, njiwa, mpheta, timba ndi khwangwala timakhala nawo chaka chonse. Palinso mbalame ina ya banja lomwe lija la thrush imene imakhala nafe osachoka, yotchedwa Kurrichane thrush m'mabuku a mbalame. Ndi yokulirapo kuposa pumbwa, msana wake ndi wotuwa moderako, mlomo wake ndi wa mtundu wa lalanje, ndipo m'nthiti mwake ndi mofiirira pamene mimba ndi yoyera. Pakhosi pake poyera pali mizere iwiri yakuda yotsika kuchokera kukamwa ngati ndevu. Imakonda kuyenda pansi pa mitengo ya mthunzi: imathamanga pang'ono, kuima chilili, kupendeketsa mutu, kenaka n'kutembenuza masamba ouma ndi mlomo kufuna nyongolotsi. Pakhomo pamene pali mitengo ya mango iwiri kapena itatu, ndipo pansi pake sipasesedwa mpaka kuyera, mbalameyi ikhoza kupezeka m'mawa uliwonse. Mukaizolowera imeneyi, maso anu ayamba kusiyanitsa mbalame ndi mbalame.

Woimba wobisala

Mlendo amene dzina lake likufanana ndi la mbalame tatchulayi ndi thrush nightingale. Kale akatswiri ankamuika m'banja la thrush, koma kafukufuku wa masiku ano anamusamutsira ku banja lina loyandikana nalo. Kambalameka n'kotalika pafupifupi masentimita 16 ndipo kamalemera magalamu 25 kapena kuzungulira pamenepo, kutanthauza pafupifupi theka la dzira la nkhuku. Maonekedwe ake ndi osakopa: msana woderako, mchira wofiirira pang'ono, ndi chifuwa chotuwa chokhala ndi timadontho tosaoneka bwino. Kamaswana kuyambira ku Denmark ndi kumwera kwa Sweden, kudutsa Poland ndi Russia mpaka kuzambwe kwa Siberia.

Ulendo wake uli ndi zigawo ziwiri. Kamanyamuka kwawo cha mu Ogasiti, kudutsa kuvuma kwa nyanja ya Mediterranean ndi dziko la Egypt, n'kukapuma miyezi iwiri kapena itatu kumpoto chakuvuma kwa Africa, kumadera a Sudan ndi Ethiopia, kumene mvula imakhala itangogwa. Kumeneko kukayamba kuuma, mu Novembala ndi Disembala, kamatsika kudzera ku Kenya ndi Tanzania mpaka kufika ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ichi ndi chifukwa chake kuno kamamveka kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kuchokera ku Sweden kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 8,000, ndipo kambalameka kamayenda ulendo umenewu usiku.

Kukaona n'kovuta, chifukwa kamakhala m'kati mwa zitsamba zowirira, pansi penipeni, makamaka m'mbali mwa mitsinje ndi m'mipanda imene yakula osadulidwa. Chimene chimakaulula ndi mawu ake. M'mawa mvula itakata, mukamva kuimba kwamphamvu kochokera m'chitsamba, kosakaniza malikhweru omveka bwino ndi kulira kokhakhala ngati kugogoda timitengo touma, pamene woimbayo sakuoneka, imani phee ndipo muyang'ane pansi pa nthambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo onga nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ndiwo amene kambalameka kamawakonda, ndipo ndi ulendo wa minibasi chabe kuchokera ku Mgona.

Alendo osavuta kuwaona

Woyamba ndi namzeze wa ku Ulaya. Amafika cha mu Okotobala ndipo amachoka mu Epulo. Msana wake ndi wakuda mobiriwira, pakhosi ndi pamphumi m'pofiira, pachifuwa pali lamba wakuda, mimba ndi yoyera, ndipo mchira ndi wa mphanda. Anamzeze amene amamanga zisa za dothi pansi pa makonde a sukulu ndi m'milatho ndi a kuno konkuno. Wa ku Ulaya amauluka m'magulu pamwamba pa mabwalo a mpira ndi minda, amandanda pa mawaya, ndipo usiku amakagona m'mabango a m'madambo.

Wachiwiri ndi kambalame kotchedwa spotted flycatcher, kotuwa, kokhala ndi timizere pachifuwa ndi pamutu. Kamadziwika ndi khalidwe lake: kamakhala chowongoka pa nthambi yotsika, pa mpanda kapena pa chingwe choyanikira zovala, kamauluka mwadzidzidzi kukagwira ntchentche m'malere, kenaka kamabwerera pomwe kanachoka. Mbalame yakhalidwe limeneli ikamaoneka pakhomo panu kuyambira Novembala, iyang'anitsitseni.

Wachitatu ndi willow warbler, wamng'ono mwa onse, wolemera pafupifupi magalamu 9, ngati masupuni awiri aang'ono a shuga. Ndi kobiriwira motuwa, kali ndi kamzere kowala pamwamba pa diso, ndipo sikakhazikika: kamangoyendayenda m'masamba a mthethe ndi mitengo ina kutola tizilombo ting'onoting'ono. Kakayandikira kunyamuka, cha mu Malichi, kamaimba kanyimbo kofewa kotsika pang'onopang'ono. Wachinayi ndi red-backed shrike, amene wamwamuna wake ali ndi mutu wotuwa, mzere wakuda wodutsa m'maso ndi msana wofiirira. Ameneyu amakonda kukhala pamwamba pa chitsamba m'malo otseguka, ndipo amaoneka kwambiri mu Novembala pofika ndi mu Malichi ndi Epulo pobwerera.

M'nyengo yathu yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, alendo a kumpotowa amakhala atapita. Komabe kusamuka sikuleka, pakuti mbalame zina za m'nkhalango za m'mapiri monga Nyika, Zomba ndi Mulanje zimatsikira kumunsi kothawa chisanu. Kabawi, amene amalanda anapiye, nayenso ndi mlendo wa m'Africa momwe muno, amene amafika mvula isanayambe.

Anthu anadziwa bwanji zimenezi

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalame zawo zimapita. Ena, ngakhale ophunzira, ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe mpaka chisanu chitatha. Mu 1822, pafupi ndi tauni ya Klütz ku Germany, munthu wina anapha dokowe woyera amene anali ndi mkondo wa ku Africa utamubaya pakhosi. Dokoweyo anauluka nawo mkondowo ulendo wonse, ndipo mpaka lero amasungidwa ku yunivesite ya Rostock. Mlenje wa ku Africa amene anaponya mkondowo anathandiza sayansi asakudziwa.

Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo kumiyendo, tokhala ndi nambala ndi keyala. Njira imeneyi ndiyo inatsegula anthu maso. Namzeze amene John Masefield anamuveka mphete ku Staffordshire, ku England, mu Meyi 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Ku Kenya, pa malo ogona alendo a Ngulia m'nkhalango ya Tsavo West, nyali zowala usiku wa nkhungu zimakopa mbalame zapaulendo, ndipo kuyambira mu 1969 akatswiri aveka mphete mbalame zoposa theka la miliyoni. Thrush nightingale ndi imodzi mwa mitundu itatu imene imagwidwa kwambiri pamenepo, ili pa ulendo wobwera kumwera kuno.

Funso lotsatira ndi lakuti kambalame kobadwa chaka chomwecho, koyenda kokha usiku popanda kholo lokatsogolera, kamadziwa bwanji njira. Kafukufuku waonetsa kuti mbalame zimagwiritsa ntchito dzuwa, nyenyezi ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Mu 2001 Thord Fransson ndi anzake ku Sweden anafalitsa zotsatira zochititsa chidwi. Anagwira ana a thrush nightingale n'kuwasunga m'zitatanga, ndipo ena mwa iwo anawaika m'mphamvu ya maginito yofanana ndi ya kumpoto kwa Egypt. Mbalame zimenezi zinanenepa kuposa zinzake, ngati kuti zadziwa kuti kutsogolo kuli chipululu chimene ziyenera kuoloka ndi mafuta a m'thupi. Mafuta amenewo ndiwo kamba wa paulendo.

Zoopsa za m'njira ndi za kuno

Ulendowu umatha mbalame zambiri. Zina zimafa ndi ludzu m'chipululu, zina zimagwera m'nyanja, ndipo zina zimakodwa m'maukonde otchingidwa m'mbali mwa nyanja ku Egypt kapena kumatidwa ndi ulimbo ku Cyprus, ulimbo wonga umene anyamata a kwathu amatchera. Mu 2015 bungwe la BirdLife International linalengeza kuti mbalame pafupifupi 25 miliyoni zimaphedwa mosatsata malamulo chaka chilichonse m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Ku Britain chiwerengero cha spotted flycatcher chatsika ndi magawo oposa 8 mwa magawo 10 kuchokera m'zaka za m'ma 1960.

Mbalame imene yapulumuka zonsezi ikafika ku Lilongwe imapeza mzinda umene wasintha kwambiri. Mu 1966 Lilongwe inali ndi anthu osakwana 20,000. Inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318. Anthu onsewa amafuna malo, njerwa, nkhuni ndi makala. Ku Mgona, kumene anthu ambiri anakhazikika chifukwa cha ntchito za ku Kanengo ndi malonda a mtedza, nyumba zinathinana mpaka malo a mtengo anasowa. Mipanda ya zitsamba inalowedwa m'malo ndi ya njerwa, ndipo m'mbali mwa timitsinje munakumbidwa dothi ndi mchenga. Makala ambiri a mumzinda amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe umene tonse timamwa, ndipo kuonongeka kwake kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera.

Chenjezo tili nalo m'dziko mwathu momwe muno. Mbalame yotchedwa spotted ground thrush ili ndi mtundu wake wa ku Malawi, umene unapatsidwa dzina lakuti belcheri pokumbukira Charles Belcher, mlembi wa buku la mbalame za Nyasaland la mu 1930. Mbalameyi inkapezeka m'nkhalango zochepa za kumwera, kuphatikizapo za pa phiri la Thyolo ndi la Soche. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ya Soche nayo inatha kwambiri. Madzi akatayika saoleka. Chimene chinachitikira nkhalango zikuluzikulu chikuchitikiranso zitsamba zazing'ono za m'makomo mwathu, kungoti mwakachetechete.

Tsono mnyamata wa legeni tinene naye chiyani? Kumukalipira kokha sikuthandiza, pakuti nthawi zina kunyumba kwawo kulibedi ndiwo. Koma ngati wina atamuwerengera masamu, akhoza kuganiza kawiri. Kambalame ka magalamu 9 sikakwana n'komwe mbamu imodzi ya nsima, pamene kakanakhala moyo kakanadya tizilombo ta m'ndiwo zamasamba ndi m'mitengo ya zipatso dzinja lonse, kenaka n'kukaswa ana kutsidya kwa nyanja. Mwana amene wamva za ulendo wa makilomita 8,000 sakoka legeni mofulumira monga kale.

Ntchito ya aphunzitsi

Anzanga aphunzitsi, phunziro ili silifuna ndalama. Likufuna kope limodzi, pensulo ndi mphindi 15 belu loyamba lisanalire. Gawani ophunzira m'magulu, gulu lililonse likhale ndi mbali yake ya bwalo la sukulu. Alembe tsiku, nthawi, m'mene kunja kunachera, mbalame imene aona, chiwerengero chake ndi chimene imachita. Chofunika koposa ndi tsiku limene namzeze wa ku Ulaya waoneka koyamba ndi tsiku limene waoneka komaliza. Kope limeneli likasungidwa zaka 5 kapena 10 limasanduka umboni umene ngakhale akatswiri amaufuna. Mabuku akuluakulu a mbalame za dziko lino, la C. W. Benson ndi mkazi wake la mu 1977 ndi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006, anamangidwa pa zolemba zotere za anthu ambiri, ndipo akusonyeza kuti Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650.

M'kope lomwelo muli Jogalafe, pojambula njira ya mbalame pa mapu kuchokera ku Sweden kudzera ku Egypt, Ethiopia ndi Kenya. Muli masamu, powerengera mtunda ndi masiku. Mulinso Chichewa: tumani ana akafunse agogo awo mayina a mbalame, miyambi ndi nthano zake. Ku Mgona kuli anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana a dziko lino ndi maiko oyandikana nafe, choncho mbalame imodzi ikhoza kubwera ndi mayina atatu kapena anayi, ndipo onsewo ndi chuma choyenera kulembedwa. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Tsiku lokumbukira mbalame zosamuka pa dziko lonse limachitika Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okotobala, ndipo la Okotobala limagwa pa nthawi imene alendo athu akufika.

Mawu kwa omaliza sukulu

Inu amene mwalemba mayeso a Folomu 4 ndipo mukudikira zotsatira kapena ntchito, muli ndi chinthu chimene ambiri alibe, ndicho nthawi ya m'mawa. Alendo okaona malo amene amapita ku Dzalanyama, Liwonde ndi Nyika amafuna munthu wodziwa mbalame ndi mawu ake, ndipo luso limeneli limayambira pa kumvetsera kuseri kwa nyumba. Amene ali ndi foni yolowa pa intaneti akhoza kutumiza zimene waona ku eBird, nkhokwe ya zolemba za mbalame imene imayendetsedwa ndi yunivesite ya Cornell.

Pakhomo napo pali zochita. Dzalani mtengo umodzi wa mabulosi, gwafa kapena mango ngakhale pakangodya. Siyani mbali imodzi ya mpanda ikhale ya zitsamba, ndipo masamba ogwa pansi pake musawaotche, pakuti m'menemo ndimo mumakhala chakudya cha mbalame zoyenda pansi. Ikani phale la madzi pamthunzi, koma muzisintha madziwo tsiku ndi tsiku kuti udzudzu usaswanemo. Mukapeza mbalame yakufa ili ndi mphete kumwendo, lembani nambala ndi mawu onse a pampheteyo, tsiku ndi malo, ndipo mukapereke kwa a bungwe tatchula lija kapena ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Nambala imodzi yotere ikhoza kulumikiza Mgona ndi mudzi wina wa ku Poland kapena Finland.

Mwambo wathu umati mlendo akafika alandiridwe, apatsidwe madzi ndi pogona, mafunso abwere pambuyo. Mbalamezi zimapempha zochepa kuposa pamenepo: chitsamba chimodzi chosadulidwa ndi mwana mmodzi wotsitsa legeni. Sukulu iliyonse ya ku Mgona, Area 25, Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 itatsegula kope lake mu Okotobala akubwerayu, pofika Epulo tidzakhala tikudziwa kuti ndi alendo angati amene akutiyenderabe, ndiponso makomo amene akuwasunga bwino.